Masamba Oyenda, Osalipira Ngwee

M'caka ca 2015 ana a Giredi 9 m'Zambia analemba koyamba mayeso a maphunziro a kompyuta. Nanga sukulu ya kumudzi, ku Chadiza kapena ku Vubwi, ndalama zogulira PowerPoint ingazipeze kuti?

Njira ilipo. LibreOffice, imene inayambika m'caka ca 2010, ndi yaulere, ndipo lamulo lake limalola munthu kukoperako mnzake popanda mlandu wakuba. Mbali yake yochedwa Impress imacititsa tsamba kuzimirira pang'onopang'ono, kapena kutembenuka monga bokosi, pamene linzake likubwera. Ikalowa m'makina, intaneti siifunikanso.

Komabe aphunzitsi acenjere: mcere ukacuruka, ndiwo sizidyeka. Masamba akamavina kopitirira muyeso, mwana amakumbukira gule yekhayo, phunziro naliiwala.