Nyimbo ya mu foni inapezetsa ba mudala mzukulu mu basi ya ku Chawama

Chinali Chisanu madzulo mu town, basi ya ku Chawama itazula kale. Pafupi na ine panankhala ba mudala ovala jekete yakale koma yochisa bwino. Kondakita atayamba kutolela ndalama, anapeza kuti yao yapelewela K2. Anayamba kukweza mau, basi yonse ziii, aliyense maso pa foni.

Mnyamata wina wa ma dreads, wamene anali kuliza nyimbo popanda ma earphones, anachotsa K2 mu thumba. “Asiyeni ba mudala, iyi apa.” Ife tinaganiza kuti nkhani yasila.

Koma ba mudala anatchela khutu ku foni ija. “Mwana wanga, bwezako kumbuyo. Uyo ni Paul Ngozi!”

Mnyamata anaseka. “Awe ba mudala, uyu ni Tyler, the Creator wa ku America.”

Onse awili sananame. Nyimbo inali “Noid” yamene inatuluka mu 2024, ndipo mkati mwake muli chidutswa cha “Nizakupanga Ngozi” ya Ngozi Family, ya pa album ya 45,000 Volts. Paul Ngozi anamwalila mu 1989, mnyamata uja asanabadwe, koma gitala yake inafika ku America na kubwelela pa foni mu Kafue Road.

Kuchoka apo ba mudala anamasuka. Anasimba za Zamrock, za WITCH na Jagari wao, za mathalauzi a bell-bottom, na mwamene anali kusungila malipilo kuti agule record imodzi chabe. Mnyamata anachepetsa volume, ayamba kufunsa mafunso. Ba mayo ena kumbuyo naonso analowelela, ati iwo anali a kalindula. Jam ya pa roundabout sitinaimve.

Chamene chinanigwila mtima ni vamene anakamba pafupi na kuseluka. Akazi ao anamwalila, ana ali ku Copperbelt, anzao ambili ali ku Chingwere na ku Leopards Hill. Ndalama ana amatuma pa mobile money, koma wokamba naye palibe. Mu town anabwela chabe kuti aoneko anthu. “Lelo nakambako,” anatelo, uku akumwetulila.

Ganizani izi. Mu komboni nyumba ni zothinana, pa pompi pali anthu, pa kantemba pali anthu, koma nkhalamba ingathe tsiku lonse popanda woifunsa kuti mwauka bwanji. Ise achinyamata tili mu hustle, tichoka kuseni-seni, tibwela usiku. Choipa kwambili, ambuya akayamba kuiwala-iwala kapena kukamba okha, ena athamangila kuti ni mfiti, pamene nthawi zambili ni ukalamba kapena matenda a dementia ofunika ku clinic.

Sivifuna ndalama zambili. Mukapeza ambuya pa booth avutika kuwelenga meseji, awelengeleni, ndipo muwauze kuti PIN sapatsa munthu aliyense, ngakhale wotuma foni akambe mokoma bwanji. Mukaona anyamula chigubu cha madzi, alandileni. Mu basi asiyileni mpando wa pafupi na chitseko, chifukwa ku back seat maondo ao safikako. Ndipo akayamba nkhani yakale, ikani foni mu thumba ngakhale 5 minutes. Pa 1 October dziko lonse limakumbukila okalamba, koma ambuya a pa nyumba yachitatu sangadikile October.

Ba mudala anaselukila pa station ya pafupi na msika. Mnyamata uja anaseluka nao, ngakhale anali asanafike kwao, na kuwagwila dzanja podumpha ngalande. Ninamva awauza kuti abwela pa Sondo kudzaona ma record, ngati makoswe anasiyako.

Ine ninapitiliza na basi. Nitafika pa nyumba ninatumila foni ambuya anga ku Katete. Anayankha modabwa: “Kwagwanji, mzukulu wanga?” Mpamene ninazindikila kuti nimawatumila chabe kukakhala malilo.