Masiku atatu oyamba munthu akasiya mowa

Munthu amene wamwa kachasu tsiku ndi tsiku kwa zaka zambiri akanena kuti lero ndasiya, abale amalulutira. Ochepa ndiwo amadziwa kuti ngozi yagona pomwepo. Tsiku lisanathe manja amayamba kunjenjemera, thukuta lili kamukamu, tulo osabwera. Ena amagwa ngati akhunyu. Pofika tsiku lachiwiri kapena lachitatu, ena amaona zilubwelubwe: tizilombo tikukwawa pakhoma, anthu akuwathamangitsa ndi zikwanje. Pamudzi amangoti walodzedwa kapena wapenga, n'kumumanga zingwe. Chonsecho ndi thupi limene likulira mowa umene linazolowera, ndipo popanda chithandizo munthuyo akhoza kutisiya.

M'masiku amenewa moyo wa wodwala umakhala m'manja mwa namwino. Dokotala amalemba mankhwala n'kupita ku wodi ina, koma wochezera naye usiku wonse ndi nesi. Amamuyeza BP ndi kugunda kwa mtima pafupipafupi, amamupatsa diazepam kuti thupi likhazikike ndi kupewa kukomoka, komanso vitamini B1, yemwe amasowa m'thupi la womwa kwambiri mpaka bongo kuwonongeka. Ngati akusanza amamuika dripi. Wodwala akakuwa kuti pabedi pali njoka, namwino wodziwa ntchito sakangana naye kapena kumuseka. Amayatsa getsi, amamutchula dzina mofatsa, amamuuza komwe ali ndi tsiku lake, n'kupempha gadiyani kuti akhale pafupi. Sipuni ya phala imalowa m'kamwa pang'onopang'ono chifukwa dzanja la mwini wake silingathe kuigwira.

Malo ochitira ntchitoyi mokwanira ndi ochepa m'dziko muno. Chipatala chachikulu cha boma cha matenda a maganizo ndi cha ku Zomba, ndipo ambiri mwa achinyamata ogonekedwa kumeneko nkhani yawo imakhudza chamba kapena mowa. A bungwe la St John of God ali ndi ndondomeko yothandiza ofuna kusiya mowa ndi mankhwala ozunguza bongo ku Mzuzu ndi ku Lilongwe, ndipo koleji yawo ya ku Mzuzu imaphunzitsa anamwino a matenda a maganizo ndi alangizi. M'maboma ambiri, ntchito yonseyi imagwera anamwino owerengeka a pachipatala cha boma, amenenso amayenera kuyendera zipatala zing'onozing'ono galimoto ikapezeka.

Boma linaletsa mowa wa m'masacheti mu 2015, ndipo mu 2017 linakhazikitsa ndondomeko ya dziko yokhudza mowa. Koma mowa waukali wotchipa unangosintha chovala, n'kubwerera m'timabotolo.

N'chifukwa chake tsiku lotuluka m'chipatala limadetsa nkhawa anamwino kuposa tsiku lolowa. Kunjenjemera kumatha m'sabata imodzi, chibaba sichitha msanga. Munthu amabwerera kumene shabini ili kuseri kwa nyumba, anzake akale akumudikira, ntchito palibe, ngongole zili mbwee. Asanatuluke, namwino amakhala pansi ndi mkazi wake, mayi ake kapena amalume, kukambirana za tsiku lobwerera kusikelo ya uphungu, za amene azisunga ndalama pa malipiro, ndi zoti achite akaona kuti wayambiranso. Amawatsindikira kuti akadzamwanso asamuthamangitse pakhomo kapena kumunyoza pagulu, koma abwere naye msanga, ndiponso asamusiyitse mowa okha mwadzidzidzi kunyumba.