Nkhomaliro ya Nsomba ku Domasi

Msewu waukulu wochokera ku Zomba kupita ku Liwonde umadutsa m'chigwa cha Domasi. Munthu akamalowera kumpoto, kumanzere kwake amaona mapiri a Zomba ndi Malosa, pamene kumanja dziko limatsetsereka pang'onopang'ono mpaka ku Nyanja ya Chilwa. Apaulendo ambiri amaima pa Songani kapena pa Domasi kuti adye nkhomaliro m'tinyumba todyeramo timene anthu amatitcha malesitilanti. M'menemo simukhala zambiri: tebulo, mabenchi ndi ndowa ya madzi basi. Mayi wophika amalonjera alendo nati, "Takulandirani, abambo. Lero kuli matemba, mlamba ndi makumba. Kodi mudya nsima kapena mpunga?"

Abwenzi akakhala atatu kapena anayi, aliyense amaitanitsa ndiwo yakeyake kuti alawitsane. Asanayambe kudya amasamba m'manja ndi sopo, wina akuthirira mnzake madzi, pakuti kolera amavuta kawirikawiri m'madera ozungulira nyanjayi.

Tsono tiyeni tiyang'ane m'mbale zawo. Matemba ndi tinsomba tating'ono ngati chala. Asodzi amatiyanika padzuwa, ndipo timadyedwa tathunthu, mutu ndi minga yomwe. Kudya kotereku n'kwabwino, chifukwa minga yofewayo imalimbitsa mafupa ndi mano a ana. Mlamba ulibe mamba, uli ndi ndevu, ndipo umawambidwa pautsi kuti usaole panjira. Ukaphikidwa ndi matimati, msuzi wake umatha nsima yambiri. Makumba ndiwo amasokoneza alendo ochokera kutali, chifukwa amafanana ndi chambo. Zoona, nsomba ziwirizi ndi zapachibale, koma kwawo kwa chambo ndi ku Nyanja ya Malawi ndi ya Malombe, ndipo mtengo wake ndi wokwera. Makumba safuna kudya mothamanga. Munthu wodziwa amachotsa minga ndi zala asanaike nnofu m'kamwa, ndipo salankhula ali ndi nsomba m'kamwamo.

Nsomba zitatu zonsezi zimapezeka m'Nyanja ya Chilwa. Amalonda amakazigula padoko la Kachulu ndi madoko ena, nazinyamula m'madengu panjinga kudza nazo kumisika. Nyanjayi ndi yosiyana ndi Nyanja ya Malawi. Mitsinje monga Domasi, Likangala ndi Phalombe imathiramo madzi, koma palibe mtsinje ndi umodzi womwe wotulukamo. Madzi amachoka pouma ndi dzuwa basi, n'chifukwa chake ali ndi kamchere. Ndi yosazamanso, kotero kuti m'malo ambiri asodzi amayendetsa bwato pokankha pansi ndi nsungwi. Ena amakhala panyanja pomwepo masabata angapo m'timisasa toyandama totchedwa zimbowera.

Nyanja yosazama sichedwa kuphwa mvula ikavuta zaka zotsatizana. Chilwa idaphwa mu 1968, idaphwanso mu 1995, ndipo mu 2018 mbali yaikulu idasanduka dothi long'aluka, mabwato ali gone pouma. Zikatero, njala ya ndiwo imafika mpaka kumsewu. Mayi wophika uja amauza alendo kuti kwatsala nyemba ndi usipa wochokera ku Mangochi, ndipo amalonda apanjinga amasowa chogulitsa.

Mwina mungafunse kuti, nanga nsomba zimachokeranso kuti madzi akabwerera? Yankho lake lili m'mitsinje. Nyanja ikayamba kuphwa, matemba ndi milamba imathawira m'maiwe a mitsinje yothira m'nyanjayi. Mlamba uli ndi mwayi wina: umatha kupuma mpweya wakunja, motero umapirira ngakhale m'madzi amatope. Mvula ikagwa, nsomba zopulumukazo zimatsikira m'madambo osefukira n'kuswana. Ndiye kuti munthu wothira mankhwala padziwe la mtsinje wa Domasi m'chaka cha chilala, kapena wokokolola tiana tansomba ndi neti yotetezera udzudzu, akupha mbewu ya nyanja yonse. Wodula mitengo kuphiri nayenso ali ndi mlandu, pakuti dothi lokokoloka limakwirira maiwewo. Nkhalangozi zimathanso ndi nkhuni zowambira milamba.

Pali njira inanso yopezera nsomba m'chigwachi. Ku Domasi boma lili ndi malo ophunzitsira ulimi wa nsomba, kumene akatswiri amaweta makumba ndi chilunguni m'mayiwe okumba. Alimi amagulako ana ansomba, nakawaika m'mayiwe akwawo ndi kuwadyetsa madeya. Pakapita miyezi ingapo amakolola, ndipo zina mwa nsombazo zimakathera m'mapoto a malesitilanti a m'mbali mwa msewu.