MALUWA AWIRI A M'MUNDA: MARIGOLD NDI TIGER LILY

Maluwa akometsa bwalo la sukulu ndi khomo la nyumba, koma onse sakhala ndi makhalidwe amodzi. Mlimi wanzeru adziwa kuti mpunga ufuna dambo ndi kuti mtedza ufuna mtunda. Chomwechonso wobzala maluwa ayenera kuyamba wadziwa chimene duwa lililonse lifuna, kuti angataye mbeu ndi mphamvu pachabe. Pali maluwa awiri amene aonetsa chinthu ichi bwino. Angelezi awatcha marigold ndi tiger lily. Onse awiri aoneka ngati lalanje lakupsa, ndipo onse awiri adachokera kutsidya kwa nyanja; koma pa kameredwe ndi pa kasamalidwe asiyana kutali.

Kumene adachokera

Marigold kwao ndi ku Mexico, dziko la ku America. Anthu a mtundu wa Aztec adambzala kalekale, namyesa mankhwala ndi chokometsera pa miyambo yao. Anthu a ku Spain atagonjetsa dzikolo m'chaka cha 1521, adatenga mbeu zake nanka nazo ku Ulaya, ndipo pambuyo pake zidafika ku Africa ndi ku India. Mtundu wautali anthu autcha wa ku Africa, ndi waufupi autcha wa ku France. Koma maina awa asocheretsa, pakuti mitundu yonse iwiri ndi ya ku Mexico. Kufikira lero anthu a kumeneko akometsa nao manda a abale ao pa 1 ndi pa 2 Novembala. Ku India atunga maluwawo pachingwe ngati mikanda, nawavala pa maukwati ndi pa maphwando.

Tiger lily ndi wa ku Asia, makamaka ku China, ku Japan ndi ku Korea. M'chaka cha 1804 William Kerr, munthu wotumidwa kukasonkhanitsa zomera, adamtumiza kuchokera ku Canton kunka ku munda waukulu wa Kew ku London. Tiger ndicho chilombo cha ku Asia cha mtundu wa mkango, chokhala ndi mizere ngati mbidzi. Koma duwali lilibe mizere iai. Lili ndi mawanga akuda onga a kambuku.

Maonekedwe ao

Marigold wamfupi alekeza m'munsi mwa bondo, ndipo wamtali afika mita imodzi. Ali ndi nthambi zambiri, ndipo masamba ake ali ogawikana ngati nthenga. Munthu akawafikisa ndi zala anunkha kwambiri. Duwa lake lili lobulungira, lachikasu kapena lofiirira.

Tiger lily ali ndi phesi limodzi loongoka, lofika m'chifuwa mwa munthu wamkulu. Masamba ake ali aatali ndi osongoka ngati mkondo. Maluwa ake ayang'ana pansi, ndipo lililonse lili ndi timasamba 6 topindikira kumbuyo. Ngakhale akongola chotero, alibe pfungo lomveka.

Kameredwe kao

Apa ndipo pali kusiyana kwakukulu. Marigold amera ku mbeu. Mbeuzo zili zowonda ndi zakuda ngati timinga, zoyera mbali imodzi. Zikafesedwa m'dothi lonyowa zimera pasanathe masiku 7, ndipo patapita milungu ngati 8 maluwa ayamba kuoneka. Wosamalira munda akamathyola maluwa ofota, ena aphuka m'malo mwao kwa miyezi yambiri. Koma moyo wa marigold ndi wa nyengo imodzi yokha. Akabala mbeu auma, nafa ndi mizu yomwe. Wofuna kumuonanso asunge mitu youma m'chikho pa malo opanda chinyezi, nafesenso chaka chamawa.

Tiger lily satero. Pansi pa nthaka ali ndi mutu woyera wokhala ndi magawo ngati adyo, ndipo m'menemo asunga chakudya chake. Maluwa ake akhala milungu yowerengeka pa chaka. Pambuyo pake phesi liuma, ndipo pamwamba sipaoneka kanthu. Munthu wosadziwa ayesa kuti wafa, nalima pamenepo, natema mutuwo ndi khasu. Koma sadafe iai, agona chabe. Nyengo yake ikafika aphukanso, chaka ndi chaka. Chifukwa chake nkwabwino kuzika kamtengo pamalopo kakhale chizindikiro. Phesinso lisadulidwe likali laliwisi, pakuti masamba ndiwo adyetsa mutu wa pansi.

Tiger lily wa m'minda sabala mbeu kawirikawiri. M'malo mwake, pamene tsamba lilumikizana ndi phesi pamera timitu takuda tonga mikanda. Tikakhwima tigwa pansi ndi kumera mizu. Koma wobzala timitu timeneti ayenera kukhala wopirira, pakuti zipita zaka 2 kapena 3 asanaone duwa loyamba.

Malo owayenera

Marigold sasankha nthaka. Akonda dzuwa la tsiku lonse, ndipo akakula apirira ngakhale madzi achepe. Manyowa akachuluka, achita masamba ambiri ndi maluwa pang'ono. Motero amera bwino m'midzi yambiri ya kuno, kuchigwa ndi kumapiri komwe.

Tiger lily adazolowera maiko a chisanu chachikulu, ndipo mutu wake ufuna miyezi yozizira kuti upumule. Kumalo otentha, monga kuchigwa cha Shire, avutika. Kumene angayesedwe ndiko kumapiri kozizira. Afuna dothi lofewa la masamba ovunda, losasunga madzi, pakuti madzi akaima mutuwo uola. Aukwirire pa dzenje lakuya masentimita 15, pamalo pamene tsinde lipeza mthunzi koma maluwa aona dzuwa.

Ntchito zao

Marigold ali bwenzi la mwini dimba. M'nthaka mukhala tinyongolotsi tosaoneka ndi maso, timene tilowa m'mizu ya matimati ndi ya fodya. Mizuyo ichita mfundo zotupa, ndipo mbeu ifota ngakhale ithiriridwe. Mizu ya marigold ili ndi mankhwala ochepetsa tinyongolotsi timeneti. Koma kubzala awiri kapena atatu m'mbali mwa dimba sikukwanira. Afunika kubzalidwa mothithikana pa malo onse odwalawo, nakhalapo miyezi 2 kapena 3, ndipo pamenepo matimati alowe m'malo mwao. Kumaiko ena aumitsa maluwa ake, nawasakaniza ndi chakudya cha nkhuku, kuti yolk ya dzira, ndiyo ndongwe yachikasu ya m'kati, ioneke bwino.

Ku China anthu alima tiger lily chifukwa cha mutu wake, umene auphika nadya. Koma duwa lomweli lili ululu kwa mphaka. Akadya tsamba, kapena akanyambita mungu wogwera pa ubweya wake, impso zake zionongeka, ndipo akhoza kufa pa masiku owerengeka. Ndiponso tiger lily akhoza kukhala ndi nthenda yobisika iye osaoneka kudwala. Nsabwe za masamba ziitenga ndi kuipatsira maluwa ena a mtundu wake. Chifukwa chake alimi ambzala payekha.

Chenjezo

M'thengo la maiko a kuno muli duwa lina lofanako ndi tiger lily, lophuka nthawi ya dzinja. Lili lofiira ndi lachikasu ngati lawi la moto, timasamba take tipindikiranso kumbuyo, ndipo liyanga pa zitsamba ndi nsonga za masamba ake. Ndilo duwa la dziko la Zimbabwe. Limeneli lili la mtundu wina ndithu, ndipo muzu wake uli ndi ululu wakupha munthu. Mwana atamva kuti ku China adya mitu ya maluwa, asakumbe kanthu ka m'thengo ndi kulawa. Zooneka zofanana pamwamba sizifanana pansi.

Kusankha

Tsono mwa awiriwa loposa ndi liti? Palibe loposa linzake paliponse. Ana a sukulu ofuna kuona maluwa asanatsekere, okhala kotentha kapena kosowa madzi, asankhe marigold. Atero ndi mwini dimba la matimati. Wokhala kozizira, wa nthaka yabwino, amene akhoza kulindira zaka ndi kukumbukira pamene adakwirira, ayese tiger lily. Woyamba apatsa msanga, koma afuna kufesedwa chaka chilichonse. Wachiwiri achedwa, koma akakhazikika abwera yekha. Mlimi ayambe wayang'ana nthaka yake ndi nyengo ya kwao, ndipo pamenepo apemphe mbeu.

Mafunso

1. Kodi marigold ndi tiger lily adachokera ku maiko ati?
2. Phesi la tiger lily likauma, chifukwa ninji tizika kamtengo pamalopo?
3. Marigold athandiza bwanji mwini dimba la matimati?
4. Fotokozani maonekedwe a duwa la m'thengo la muzu waululu.
5. Mwa maluwa awiriwa, loyenera bwalo la sukulu yanu ndi liti? Nenani zifukwa ziwiri.