Kukumba ndi Kusamala Dziwe la Zamoyo pa Sukulu

Aphunzitsi ndi ana a sukulu, lero tiphunzira za dziwe laling'ono limene mungathe kukumba m'dimba la sukulu yanu. Dziwe lotere si loweteramo nsomba zakudya ai, koma ndi mudzi wa acule, atombolombo, mbalame ndi tizilombo tina ta m'madzi. Acule amadya tizilombo toononga ndiwo m'dimba, ndipo inu mudzaona ndi maso anu zimene mumawerenga m'mabuku a sayansi.

Poyamba sankhani malo. Malowo akhale athyathyathya, olandira dzuwa theka la tsiku. Musakumbe pansi pa mtengo, cifukwa masamba ogwa amaola m'madzi ndi kumaliza mpweya umene zamoyo zimapuma. Patalikirenso cimbudzi ndi dzala. Nthawi yabwino yokumba ndi mwezi wa Okutobala, kuti mvula ya mu Novembala ipeze dziwe lokonzeka.

Pimani mamita 2 m'litali ndi mita 1 ndi theka m'lifupi. Pakati pazame masentimita 50, koma m'mbali mukhale motsetsereka pang'ono-pang'ono monga mbale, kuti cule athe kutuluka ndi kuti mbalame zithe kuima ndi kumwa. Mukatha kukumba, tengani dothi la mtapo, longa limene amai amaumbira miphika, mulinyowetse ndi kulimata pansi ndi m'mbali monse, locindikala masentimita 15. Lipondeni ndi mapazi kufikira litagwirana. Musalilole kuuma, cifukwa likauma limang'ambika ndipo madzi amathawa. Ngati muli ndi pulasitiki yocindikala, yalani mcenga pansi kuti miyala isaiboole, kenaka yalani pulasitikiyo.

Madzi a mvula ndiwo abwino koposa. Madzi a pa mpope a m'tauni amakhala ndi mankhwala a kolorini, conco muwasiye m'ndowa masiku 2 musanawathire. Bzalani kakombo pakati ndi udzu wa m'dambo m'mphepete, ndipo ikani miyala ndi cipika cimodzi pobisalapo acule. Tsukani bwino mizu ya zomerazo kuti musabweretse nkhono.

Cenjerani ndi zomera zoyandama zocokera kunja. Udzu wochedwa Kariba weed kwao ndi ku South America, koma mu 1962 unaphimba pafupi-fupi gawo limodzi mwa magawo 5 a nyanja ya Kariba. Wina wa maluwa okongola, wochedwa Kafue weed, wavutitsa mtsinje wa Kafue. Zomera zotere zikalowa m'dziwe, zimatseka kuwala kwa dzuwa ndipo zamoyo za pansi zimafa.

Simufunika kukagwira nyama kuthengo, zidzabwera zokha. Mvula ikayamba, acule adzaikira mazira, ndipo m'masiku ocepa mudzaona ambululu. Iwo amadya ndere, amamera miyendo ya kumbuyo, kenaka ya kutsogolo, ndipo mcira umatha. Anamzeze adzabwera kudzatapa matope omangira zisa zao.

Tsono pali zoopsa zitatu zimene muyenera kudziwa. Coyamba ndi udzudzu, umene umafalitsa malungo. M'nyengo yotentha, dzira la udzudzu limakhala udzudzu wouluka pasanathe masabata 2. Ana a tombolombo ndi tizilombo tina ta m'madzi amadya mphutsi za udzudzu, koma dziwe latsopano silikhala nao ambiri. Conco tungani madzi m'kapu sabata iliyonse ndi kuyang'ana. Mukaona mphutsi zambiri zikuvinyuka, zicotseni ndi nsalu yosefera. Zikapitiriza kuculuka, ndi bwino kukwirira dziwelo, pakuti moyo wa anthu uposa dziwe.

Caciwiri ndi likodzo. Munthu wodwala akakodza kapena kucita cimbudzi m'madzi, mazira a njoka za likodzo amaswa, tianato timalowa mu nkhono, ndipo potuluka timaboola khungu la aliyense wokhudza madziwo. Motero munthu asasambe, asamwe kapena kukodza m'dziwe, ndipo nkhono mukaziona muzicotse ndi cipande, osati ndi manja. Cacitatu, mwana wamng'ono angathe kumira ngakhale m'madzi osazama. Mangani mpanda wokhala ndi citseko, ndipo ana apite kumeneko pamodzi ndi mphunzitsi. Kumbukiraninso kuti pamene pali acule njoka zimafikapo.

Kusamala dziwe ndi nchito ya caka conse. Cotsani masamba ogwa. Zomera zikaphimba koposa theka la madzi, zulani zina ndi kuzisiya m'mphepete usiku umodzi kuti tizilombo tibwerere m'madzi. Musalole sopo, feteleza kapena mankhwala ophera tizilombo kulowamo. M'cilimwe onjezani madzi kuti dothi la m'mbali lisaume.

Aphunzitsi, gawani ana m'magulu, gulu lililonse likhale ndi sabata yake. Ngati pa sukulu panu pali Chongololo Club, nchitoyi iyenera iwo. Ana inu, sungani buku lolembamo tsiku, zamoyo zimene mwaona ndi kuculuka kwake. Jambulani mbululu mmodzi sabata iliyonse kufikira atakhala cule, ndipo muwerenge masiku amene apita.