Galasi la Njinga Yamoto: Lalitali Kapena Lalifupi?

Alimi anzanga, ena a inu mufuna kugula galasi lotchinga mphepo loika pa njinga yamoto. Lalifupi lichotsa mphepo pachifuwa pokha, koma mvula likuponyerani kumaso. Lalitali litchinjiriza bwino ndithu, simunyowa msanga. Bvuto lake nali: liribe chopukutira monga cha galimoto. Likadzala madontho ndi matope simuona dzenje kapena mbuzi pamseu, makamaka usiku.

Chifukwa chake yambani mwakhala pa njinga musanapereke ndalama. Galasi lilekeze pamphuno panu, kuti maso aone njira pamwamba pake. Lotakata kwambiri lomangirira ku chiongolero lisiyeni, pakuti mphepo yochokera m'mbali ingakukhotetseni.

Potsuka, madzi ndi sopo basi. Ndi la pulasitiki: nsalu youma ilikanda, petulo aliononga.