Linga la Chittor ndi Mfumukazi ya m'Ndakatulo

Usiku uno nkhani yathu icokera ku India, m'dziko louma la Rajasthan, kumene kunali mafumu a pfuko la ankhondo lochedwa Rajput. Mafumu amenewa anali kumanga malinga a miyala pamwamba pa mapiri, ndipo lomveka koposa linali la Chittor. Phiri lace nlotsetsereka mbali zonse, ndipo pamwamba pace anakumbapo maiwe ambiri osungamo madzi a mvula. Cifukwa cace mdani sanali kuthamangira kukwera. Anali kuzinga phiri lonse, natseka njira za cakudya, nadikira kuti njala imgwirire nchito.

Ndimo m'mene anacitira Alauddin Khalji, mfumu ya ku Delhi, m'caka ca 1303. Anakhala pansi pa phirilo ngati miyezi 8, ndipo mu August linga linagwa. Pa ulendo umenewu anali naye mlembi wace, Amir Khusrau, amene anaona nkhondoyo ndi maso. Iyeyu analemba kuti anthu 30,000 anaphedwa, ndi kuti mfumu inacha lingalo Khizrabad, potsata dzina la mwana wace. Koma za mkazi wokongola amene anaputa nkhondo, iye sanachule ngakhale liu limodzi.

Nanga mkaziyo anacokera kuti? Zitapita zaka 237, m'caka ca 1540, Malik Muhammad Jayasi, Msilamu wa gulu la Sufi, analemba ndakatulo yaitali yochedwa Padmavat. Sanailembe m'cinenero ca Persia cimene cinali ca mabwalo a mafumu iai, koma m'ci-Awadhi, cinenero ca anthu a kwao kumidzi.

Mwa Jayasi nkhani iyamba ndi mbalame. Cinkhwe wolankhula anauza Ratansen, mfumu ya Chittor, za kukongola kwa Padmavati, mwana wa mfumu ya pa cisumbu ca Simhala. Ratansen anasiya ufumu, naoloka nyanja, namkwatira. Pambuyo pace munthu wina wopitikitsidwa ku Chittor anakasimba za mkaziyo ku Delhi, ndipo Alauddin anadza ndi nkhondo. Apa miyezi ija yasanduka zaka 8! Polephera kulowa, Alauddin anapangana mtendere wonyenga, naona nkhope ya Padmavati m'kalirole mokha, nagwira Ratansen, napita naye ku Delhi. Ankhondo awiri, Gora ndi Badal, anamlanditsa mocenjera: anabwera ndi macila otseka monga ngati anyamula akazi, koma m'katimo munali amuna a zida. Ratansen anafa pambuyo pace pomenyana ndi mfumu ina ya ci-Rajput, ndipo Padmavati anadzitentha pa moto wa maliro a mwamuna wace. Alauddin analanda linga, koma ca mkaziyo anapeza phulusa.

Moto umenewu Jayasi sanaupeke. Pa malinga a Rajput, pakuona kuti ciyembekezo catha, akazi anali kudziponya pamoto kuti asagwidwe ukapolo, ndipo amuna anali kuturuka kukafera pa cipata. Mwambowu uchedwa jauhar. Khusrau yemweyo anausimba pa linga la Ranthambore mu 1301, ndipo mbiri ya Rajput inena kuti unacitika ku Chittor mu 1535, Bahadur Shah wa ku Gujarat atazinga lingalo. Apo nkuti kutatsala zaka 5 kuti ndakatulo ilembedwe.

Ine ndiganiza kuti Jayasi sanafune kulemba mbiri. Monga mwa ciphunzitso ca Sufi, anafuna kuonetsa kusiyana kwa munthu wotaya zonse cifukwa ca cikondi ndi munthu woyesa kulanda cokondedwa ndi lupanga. Koma ndakatulo inakula mphamvu kuposa mboni. Alembi a pambuyo anaitenga ngati zocitikadi, ndipo James Tod anaika nkhani ya mfumukaziyo m'buku lace la mbiri ya Rajasthan mu 1829. Mu 2018, pamene anaturutsa kanema wa nkhaniyi, anthu ena a Rajput anacita cipolowe m'miseu, nati ulemu wa mfumukazi yao waipitsidwa.